Khofi wa a Wailesi

Nyumba yokhala a Wailesi sinkayenera kukhala zii. Chimenechi ndicho chinkamupweteka Namakatani kuposa kuwasambitsa, kuposa kuwatembenuza pabedi, kuposanso fungo la mankhwala limene linakanirira m'zovala zake zomwe.

Amuna akewo anali ometa tsitsi. Dzina loti Wailesi anawapatsa ndi makasitomala, ndipo sanawanamizire. Munthu ankakhala pampando wawo kuti angochepetsa ndevu, n'kudzukapo akudziwa chifukwa chimene timu yake ya mpira imaluzira, yemwe wathawidwa ndi mkazi mumsewu wonsewo, ndiponso mankhwala enieni a chipere. Akafika kunyumba madzulo, wailesiyo inali isanathe mabatire. Ankalankhula akuvula nsapato, akusamba, akutafuna, mpaka akutsuka mano. Namakatani, yemwe dzina lakelo analipeka ndi iwo omwewo chifukwa ntchito yake inali yosoka makatani, ankagwira makutu n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi batani lozimitsira lili pati?"

"Munasankha yopanda batani, mayi," ankatero. "Ndinakuchenjezani tisanakwatirane, koma simunamve chifukwa ndinkalankhula ndine."

Batanilo linadzapezeka lokha. Tsiku lina makina ometera anawapulumuka m'manja kasitomala atametedwa theka la mutu, iwo n'kugwera pagalasi. Inali sitiroko. Anabwerako kuchipatala mbali ya kumanja itafa, atanyamulidwa ngati katundu, pamodzi ndi thumba la mapiritsi. Pakamwa panapotoka pang'ono koma mawu sanathe. Chimene chinawalanda chinali tulo. Kaya anali matendawo, kaya mapiritsi, a Wailesi ankagona pabedi, n'kuwasamutsira pampando wa pabalaza kuti akagonenso pamenepo. Ankatafuna atatsinzina. Ukawafunsa kanthu ankayankha kuti "eee" kapena "ayi", ndipo nthawi zina zonse ziwiri.

Masabata oyamba odzazonda ankachuluka mpaka mipando kuchepa. Koma munthu wogona sachezeka. Anayamba kufupikitsa maulendo, kenako kupereka moni pazenera, kenako kutumiza moniwo kudzera mwa ena amenenso sankafika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankagwira ntchito kutali ndipo ankaimba foni akuyenda, mawu ake akulimbana ndi phokoso la magalimoto. "Adadi ali bwanji? Amwa mankhwala? Chabwino amami, ndiimbanso." Makasitomala a Namakatani nawo sanali anthu okhalitsa. Makatani si diresi, safuna kuyesa pathupi. Munthu amasiya nsalu ndi miyezo ya mazenera ake pakhomo, n'kudzabweranso tsiku lotenga. Choncho tsiku lonse m'nyumbamo munkamveka makina osokera ndi mkonono basi. Namakatani anasungulumwa, kusungulumwa kochititsa manyazi kwa munthu yemwe mwamuna wake ali pompo, mapazi akuoneka pansi pa bulangete.

Khofi analowa m'nkhaniyi mwangozi. Nyumba ina yogona alendo inapatsa Namakatani ntchito ya makatani a zipinda zonse, ndipo tulo ta m'nyumbamo tinali titayamba kumupatsira. Masana ankawodzera phazi lili pamakina, mzere n'kupita kwina. Anakumbukira chitini cha khofi chimene mwana uja anasiya, chimene chinangokhala kuseri kwa shuga. Iye anali munthu wa tiyi ndipo muyezo wa khofi sankaudziwa, ndiye anathira ngati akuthira mchenga posakaniza simenti. Anamwako pang'ono, nkhope n'kukwinyika, n'kuika kapuyo pakatebulo ka pafupi ndi mpando wa amuna ake pamene anapita kukayala nsalu pansi kuti adule. Pobwerera anapeza kapu ili gwaa, a Wailesi akunyambita milomo. Anawakalipira pang'ono, ndipo anabwerera pamakina ake.

Anali atasoka mpendero wa katani imodzi yathunthu pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mayi, nsalu imeneyo anasankha ndi ndani? Alendo ogona m'chipinda chimenecho azilota akuthamangitsidwa."

Phazi linachoka lokha pamakina. Atatembenuka anapeza maso awiri otsegula bwinobwino, maso akalekale aja, ofunafuna choseka. Mawu ankatuluka mokoka, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira, koma anali a Wailesi enieni.

"Bambo, mwadzuka?"

"Ndadzuka, koma ndikanadziwa kuti ndidzukira maluwa ofiira pa nsalu yobiriwira ndikanapitiriza. Kodi amene akundimeta ndani? Ndikumva mphepo mbali imodzi."

"Ndine."

"Ndinadziwa. Mwandisoka mpendero kumutu."

Namakatani anaseka mpaka misozi, ndipo kumapeto kwake sanadziwenso ngati kunali kuseka. Anacheza. A Wailesi anamufunsa za mwana, za amene anatenga malo awo ometera, za galu wa aneba amene ankadana naye. Kenako mawu anayamba kutalikirana, chibwano chinatsikira pachifuwa, ndipo anabwerera kumene anachokera. Iye anayang'ana kapu ija nthawi yaitali.

Mawa lake anayesanso, mwadala tsopano, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Khofi ankatenga kanthawi asanagwire, nthawi yokwanira kutsuka mbale za masana ndi kuzipukuta. Kenako zala za dzanja lamoyo lija zinkayamba kugogoda pampando, khosi n'kuwongoka, wailesi n'kuyaka. Moyo wa Namakatani unayamba kuzungulira pa kapu imeneyo. Kuyambira m'mawa ankatola nkhani ngati munthu wotola nkhuni: zimene wanena wogulitsa ulusi, mkangano wa madalaivala pamphambano, kasitomala amene anayeza zenera ndi lamba wa buluku lake. Ankazisunga osauza wina aliyense, ngakhale mwana pafoni, kuti zifike zatsopano. Ankakokera mpando wawo pazenera, iwo n'kumaweruza mitu ya anthu odutsa.

"Uyo wametedwa ndi mdani wake. Uyo wadzimeta yekha magetsi atazima. Uyo ayi, uyo musamuseke, Mulungu ndiye akumumeta."

Tsiku limene wailesi yachedwa kuyaka, ankawonjezera supuni. Tsiku limene yazima msanga, ankawiritsanso madzi. Munthu akapeza chitsime m'chilala safunsa kuti chakuya bwanji, ndipo Namakatani sanafunse. Ankaona ndithu kuti dzanja lawo limanjenjemera akamaliza kumwa, kuti pamphumi pamatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Ankalipukuta n'kupitiriza nkhani.

Masana ena, ali pakati pofotokoza za mkwati amene anamumeta ataledzera, a Wailesi anasiya chiganizo panjira. Anagwira pachifuwa, kamwa ili yasa, nkhope itatuwa. Namakatani ataika dzanja lake pamenepo anamva mtima ukuthamanga, kuima, kuthamanganso, ngati makina amene ulusi wakodwa m'kati. Anathamangira panja opanda nsapato kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala anawagoneka, kuwamata timawaya pachifuwa, ndipo mtima unakhazikika dzuwa lisanalowe. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, wolankhula modekha. Anafunsa za mapiritsi, za mchere, za fodya ndi mowa. Kenako anafunsa ngati pali china chatsopano chimene akudya kapena kumwa.

"Kakhofi pang'ono," anatero Namakatani, akuyang'ana mapazi ake afumbi.

"Pang'ono bwanji, amayi?"

Ataonetsa ndi zala, dokotalayo anavula magalasi.

"Mu khofi muli chinthu chotchedwa kafini," anatero. "Sachotsa kutopa ayi, amangotsekereza tulo kwa kanthawi kuti munthu asatimve. N'chifukwa chake mumaona ngati achira. Koma kafini yemweyo amafulumizitsa mtima, ndipo wa bambowa umagunda modumphadumpha kale. Anthu ena amamwa osaona vuto, koma awa thupi lawo latiuza lokha lero. Ulendo uno tawabweza. Ulendo wina sindingakulonjezeni. Khofi ayi, amayi."

"Koma akapanda kumwa salankhula, adokotala."

"Ndamva. Koma kugonako sikuwapweteka."

Namakatani anafuna kunena kuti kumapweteka iyeyo, koma anaona kuti pa pepala la dokotala panalibe malo olembapo zimenezo. Anathokoza, n'kutenga wodwala wake.

Mwana atamva anakalipa pafoni, ulendo uno ataima malo amodzi. "Amami, mukufuna kuwapha adadi chifukwa cha macheza?" Kenako anamva chisoni ndi mawu akewo, n'kunena kuti m'masitolo akuluakulu mumapezeka khofi wochotsedwa kafini, wofanana kakomedwe ndi fungo. Namakatani anakamugula. Analidi wofanana, mtundu womwewo, fungo lomwelo lodzaza nyumba. A Wailesi anamwa kapu yonse, kunyambita milomo, n'kugona tulo tofa nato. Akanakhala maso akanamutcha khofi wofulidwa, koma ndiye nkhani yake imeneyo, sanali maso.

Nyumba inabwerera mwakale, koma tsopano kunali koipa kuposa poyamba, chifukwa ankadziwa kuti munthuyo alimo. Sanapite kulikonse. Anali kuseri kwa chitseko chimene kiyi wake anali m'kabati, kuseri kwa shuga. Namakatani ankapitiriza kutola nkhani mwachizolowezi, n'kufika nazo kunyumba, n'kusowa pozitula. Khofi weniweni uja ankamwa yekha kuti amalize makatani a nyumba ya alendo, ndipo ankamuchita zomwe ankawachita amuna ake. Maso ankayera, mutu n'kudzaza mawu, lilime n'kuyabwa. Ankalankhula ndi makina. Ankalankhula ndi nsalu, kuifunsa chifukwa chake ikuterereka. Tsiku lina anagwira wogulitsa ulusi ndi nkhani mpaka mzere wa anthu unafika pakhomo, ndipo mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti, "Ena tili ndi kwathu." Anatuluka m'sitolomo nkhope ikutentha, ulusi womwe anadzera atauiwala pakauntala.

Ankakangana yekha mumtima, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi pakamwa. Mbali ina inkati dokotala wanena, mwana wanena, ukufunanso kumva kwa ndani? Ina inkati onsewo anena, koma mwini mtima sanafunsidwe. Kodi a Wailesi, munthu amene ankalankhula ndi m'tulo momwe, angasankhe zaka zogona m'malo mwa miyezi yocheza? Namakatani ankawadziwa amuna ake, kapena ankaganiza choncho. Anatsimikiza kuti akawafunsa adzaseka n'kunena kuti, thirani mayi, imfa sithawika. Ndipo akanena okha, mlandu sukhalanso wake. Vuto linali lakuti kuti awafunse, anayenera kuwadzutsa kaye, ndipo chowadzutsira chinali chimodzi chokha.

Anasankha masana a tsiku limene kunalibe kasitomala wobwera. Anaika foni pafupi, nsapato pakhomo, mapiritsi a mtima patebulo. Anathira khofi wocheperapo kuposa kale. Anawagwirizira kapu kukamwa, ndipo atamwa theka anaichotsa n'kuiika pakatebulo. Sanapite kukatsuka mbale. Anakhala pampando woyang'anana nawo, manja ali pamaondo, kudikira.

Zala zinayamba kugogoda. Khosi linawongoka. Maso anatseguka, n'kuyendayenda pabalaza mpaka anamupeza.

"Mayi, mwakhala ngati mwabwera kudzandifunsira mbeta. Ndili pabanja."

Namakatani sanaseke. "Bambo, ndikufuna mundimvetsere. Mukukumbukira kuchipatala?"

"Kamtsikana ka magalasi. Tsitsi labwino, koma akuliwotcha ndi mankhwala."

"Anati khofi akhoza kukuphani. Anati ndisakupatseninso. Lero ndakupatsani kuti ndikufunseni, chifukwa mtimawo ndi wanu, si wa dokotala, si wa mwana, si wanga. Mukapanda kumwa mumangogona, tsiku lonse, masiku onse. Mukamwa mumadzuka, koma tsiku lina mwina simudzabwerako. Ndiye nenani nokha. Mukufuna chiyani?"

A Wailesi anakhala chete, ndipo aka kanali koyamba kuti akhale chete ali maso. Anayang'ana dzanja lawo lakumanja limene linali pabulangete, zala zitapindikira m'kati. Analinyamula ndi linzake, n'kulisiya kuti ligwe.

"Mukufuna yankho la Wailesi kapena la mwamuna wanu?"

"La mwamuna wanga."

"Ndikagona, mayi, ndimakhala kuntchito." Ankalankhula pang'onopang'ono, osati chifukwa cha pakamwa popotoka. "Manja onse awiri amagwira. Ndimamva makina akulira m'dzanja ili, tsitsi likugwera pamapazi, anthu akudikira pabenchi. Nthawi zina ndimakhala ndikuyenda, kungoyenda basi, kupita kokagula malezala. Kulibe chondipweteka kumeneko. Ndiye kumabwera chinthu n'kundikoka, ngati munthu wakugwira kolala. Ndimatsegula maso n'kupeza ichi." Analoza dzanja lija ndi chibwano. "Ndimamva thewera limene mwandiveka. Ndimamva malovu akutsika mbali iyi, osatha kuwaletsa. Ndiye mtima umayamba kuthamanga, ndipo ndimaopa, mayi. Ndimaopa ngati mwana. Nthabwala zija ndimanena kuti ndisamve mmene ukugundira."

 Masiku onse aja Namakatani ankaganiza kuti akuwatsegulira chitseko.

"Nthawi yonseyi? Bwanji simunanene?"

"Ndinene bwanji? Mumabwera ndi kapu nkhope ili mwee, nkhani zitadzaza m'masaya. Ndi liti munandimvetserapo chonchi? Zaka zonse zija mumafuna batani." Anayesa kumwetulira, mbali imodzi yokha n'kuvomera. "Ndinaona kuti mulibe wina. Ndinati, mkazi uyu amandisambitsa, amandipukuta, ine ndingamupatse chiyani? Pakamwa pokha ndi pamene panatsala."

"Ndiye mumadzukira ine."

"Nanga ndingadzukirenso ndani? Galu wa aneba?"

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Anachita manyazi, anamva chisoni, komanso pansi pa zonsezo anakwiya, mkwiyo wopanda mwini, chifukwa yankho limene anakonzekera silinali limeneli. Anabwera kudzapempha chilolezo, ndipo anachipeza, koma chinali cholemera kuposa kukanizidwa.

A Wailesi anatambasula dzanja lamoyo kulunjika pakatebulo, pamene panali theka la khofi lija. Silinafike, linangoyendayenda m'malere.

"Musalire. Mwandifunsa, ndayankha, koma sindinakane. Ngati kukhala chete kwa nyumba ino kukukupwetekani, bweretsani. Ndimwa lero, ndimwa mawa. Mantha sapha munthu."

"Koma mtima umapha."

"Umenewo ndi wanu kalekale. Patseni kuno."

Namakatani anatenga kapuyo. Inali ikadali yofunda. Anaiyang'ana, anayang'ana dzanja lotambasulidwa lija likunjenjemera, thukuta litayamba kale pamphumi pawo. Kenako anaipititsa pakamwa pake n'kumwa yonse, mpaka zotsalira zowawa za pansi, n'kuiika pansi pa mpando wake kumene iwo sakanaiona.

"Mwandibera," anatero a Wailesi.

"Ndakuberani."

Anakokera mpando wake pafupi, n'kuika dzanja pachifuwa pawo. Mtima unkathamanga, koma osadumpha. Onse awiri ankadziwa kuti khofi amene anali kale m'thupi sakanabwezedwa, ndipo anali ndi kanthawi mpaka atatha mphamvu.

"Ndiye tikambe chiyani?" anafunsa iwo. "Nkhani zanu zija zilipo? Tulani zonse, sitolo ikutsekedwa."

Zinalipo zambiri, za masabata onse aja, zina anali ataziyeserera ndi kamvekedwe komwe. Anazifufuza m'mutu ndipo palibe imene inali yoyenera.

"Lankhulani inuyo," anatero. "Chilichonse. Ine ndingomvera."

A Wailesi analankhula. Anakamba za mutu woyamba umene anameta ali mnyamata, wa malume awo, amene anavala chipewa mwezi wathunthu. Anakamba za mmene umadziwira munthu wodandaula pongogwira khosi lake. Anamuuza kuti azipita kukacheza kwa anzake osoka, asamangokhala ndi munthu wogona ngati mlonda wa sitolo yopanda katundu. Anati mwana asamukalipire, ndi mantha chabe. Kenako anayamba nkhani ina, ya tsiku limene anamuona koyamba atanyamula mpukutu wa nsalu pabasi, ndipo mawu anayamba kutalikirana. Anafika pamene basi inaima, iye n'kutsika, iwo n'kutsikanso ngakhale sipanali pamalo pawo.

"Ndiye ndinati... ndinati, achemwali..."

Chibwano chinatsikira pachifuwa. Pansi pa dzanja la Namakatani mtima unayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo nkhope yawo inamasuka, makwinya a pamphumi n'kufafanizika. Zala za dzanja lamoyo zinkasuntha pang'ono pabulangete, kutsegula ndi kutseka. Anali atafika kuntchito.

"Gonani, bambo," anatero. "Sindikudzutsaninso."

Anawapukuta pakamwa, n'kuwakonzera pilo. Kenako anakhala pomwepo, msana uli chilili, maso ali gwa, khofi akuyamba kumugwira. Mutu unadzaza mawu, ndipo kunja dzuwa linali likadali pamwamba.